Khadi la Tsache

Lolemba

Bokosi la makhadi lili pano pa mphasa yanga. Esinati, mwana wanga, wandibwereka mpaka Loweruka. Tsiku limenelo ndikukasewera ndi asewere anga aNatembo, amake a mkamwini wanga, kunyumba kwa anawo ku boda. Wopambana, Khirisimasi ya chaka chino ikachitikira kwake, ndi zidzukulu zonse. Chaka chatha onse anapita ku Chipata kwa aNatembo, ine ndinatsala ndi wailesi. Chaka chino ayi.

Tinapangana moseka, koma aliyense ankaseka ndi mano okha.

Masewerawa si njuga ya kumsika ija. Bokosili mkamwini anapatsidwa ndi dalaivala wa thiraki amene anamuthandiza mapepala a katundu pa boda. Zolembedwazo n'Chingerezi chokhachokha, ine ndimayendera zithunzi. Aliyense amayamba ndi kamulu kake ka makhadi a nkhuku. Umatola asanu m'manja, n'kugula nawo khadi lina pakati: mbuzi, ng'ombe, kaya munda. Chimene wagula chimalowa m'kamulu kako, umasakaniza, chimadzabweranso m'manja. Minda ikatha pakatipo, wa minda yambiri ndiye wapambana. Koma munda ndi wodula. Nkhuku zokha sizingagule, pamafunika ng'ombe zikumane m'dzanja limodzi.

Ndiye pali khadi la mayi atanyamula tsache. Ukaliponya, umachotsa makhadi awiri a m'manja mwako, kubwerera m'bokosi, osadzawaonanso.

Chinsinsi wandiuza ndi mkamwini dzulo. Iye ndi ine sitiyang'anana m'maso, ndiye anaima patali, nkhope kuloza ku mtengo wa mango, ngati akulangiza mangowo: "Munthu atagula tsache msanga n'kusesa nkhuku zonse, m'manja muzingobwera ng'ombe." Kugulitsa amake omubala! Esinati akuti n'chifukwa choti ku Chipata amamugoneka pa mpando, msana umamupweteka mpaka Januwale.

Pulani yanga:
kugula tsache msanga,
kusesa nkhuku,
ng'ombe, minda, zidzukulu.

Palibe chovuta apa.

Lachiwiri

Woyeserera naye ndi aNambewe, a khomo loyandikana nalo. Abwera ndi lichero la mtedza wa mbewu, akuti manja asakhale chabe. Choyamba afunsa ngati si tchimo. Ndikuti tchimo limafuna ndalama, pano palibe ndi tambala yomwe. Za Khirisimasi sindikuwauza. Akhala pansi, koma makhadi akugwira ndi nsonga za zala ngati atentha.

Tsache ndagula. Lazungulira, labwera m'manja pamodzi ndi nkhuku zinayi. Nthawi yake ndi imeneyi.

Ndikuziyang'ana nkhukuzo. Wojambulayo ankadziwa ntchito. Zonenepa, zofiirira, ina yakhala ngati ikufuna kuikira. Ine Esinati ndinamuphunzitsa sukulu ndi mazira. Lero nditaye msoti wabwinobwino, wosadwala, popanda mlendo, popanda maliro? Dzanja likukana.

Tsache ndalibweza osaligwiritsa ntchito. Ndagulanso nkhuku ina, chifukwa inali yotchipa.

ANambewe apambana. Sakudziwa n'komwe kuti apambana, akungofunsa ngati tatha kuti akamasule mbuzi.

Lachitatu

Lero mtima ndaulimbitsa. Ndi mapepala awa, sadya madeya, saikira. Ndadziuza zimenezi kuyambira kumunda mpaka kunyumba.

Tsache labwera. Ndasankha nkhuku ziwiri, imodzi yopindika pangodya, inayo yothimbirira ndi tiyi wa Esinati. Zodwala kale. Ndazichotsa. Koma m'bokosi muli kutali, ndiye ndangoziika pansi pa ntchafu, zidikire kaye.

Tikupitiriza. Ndikufuna kugula mbuzi, ndaperewera pang'ono pokha. Nkhuku ziwiri zili phee pansi pa ntchafu yanga, zosagwira ntchito. Ndakhosomola, ndakonza chitenje, zabwerera m'manja.

ANambewe maso ali pa mtedza, koma akuti: "Zotayidwa zija zaukanso?"

Mayi ameneyu kutchalitchi saona bwino manambala a nyimbo, amafunsa ine. Pano maso atseguka.

Apambananso. Ndawafunsa njira imene akutsata. Akuti amangogula chithunzi chimene chawasangalatsa.

Madzulo ndaiyang'ana nyumba yanga bwinobwino. Zitini za majarini kuseri kwa chitseko. Mapepala a shuga ochapa, opinda bwino. Nsapato imodzi ya malemu bambo a Esinati, inzake inapita ndi galu. Ambulera yopanda nsalu. Khadi limeneli analipangira anthu ena, osati ine. Koma zidzukulu ndikuzifuna.

Lachinayi

Ndadzuka ndi ukali. Akufuna nditaye? Nditaya.

Masache ndagula awiri. Likabwera, nkhuku m'bokosi, m'bokosi mwenimweni, ndikutsekanso chivindikiro kuti ndisazione. Likabweranso, zina m'bokosi. Ndipo zikukoma. Palibe anandiuza kuti kutaya kumakoma chonchi. Mbuzi imodzi imene ndinali nayo yandiyang'ana molakwika, nayo m'bokosi.

Kenako nditole makhadi asanu, palibe asanu. Ndatsala ndi awiri: amayi awiri, aliyense ndi tsache lake, akundiyang'ana. Chogulira palibe. Chosesa palibe. Nyumba yoyera mbee, mwini wake alibe ndi dzira lomwe.

ANambewe akuti: "Ndikubwerekeni nkhuku imodzi muyambirepo?" Ndawauza kuti malamulo salola. Malamulo ndikuwadziwa ine tsopano, ondipha okhaokha.

Ndaimbira Esinati. Akuseka mpaka foni kulira ngati mwana wa mbuzi. Kumbuyo ndikumva mkamwini, ngakhale pa foni akulankhulira kumbali: "Auzeni amayi agule kaye mbuzi ndi ng'ombe, kusesa kuzibwera pang'onopang'ono. Tsache limodzi lokha."

Bwanji sanauze mango zimenezi poyamba paja?

Lachisanu

Tsache limodzi. Mbuzi kaye. Nkhuku ziwiri m'bokosi. Ng'ombe. Nkhuku zina ziwiri m'bokosi. Ndikutola makhadi, ng'ombe, ng'ombe, mbuzi, ng'ombe. Munda! Kutolanso, munda wina. Kamulu kanga n'kakang'ono koma kolemera, kalikonse kotuluka n'kanyama.

Ndapambana. ANambewe ndawasiya kutali, akuoneka ngati kachitsa. Ndavina pang'ono pakhonde, bondo landikumbutsa zaka zanga.

Ndayamba kale kuganiza pogona anthu. Atsikana kuchipinda kwanga, makolo awo kunyumba yanga ya udzu ya kuseri, ndiizire mawa lake ndikabwerako. ANatembo akafuna kubwera abwere, mphasa ilipo.

Masana ku mjigo. Nkhani yafika kale, aNambewe sasunga kanthu kupatula mtedza. Amayi akundiyang'ana cham'mbali. Wina akuti: "Agogo, tamva kuti mumataya nkhuku osaphethira." Ndikuti n'zapapepala. Akuti: "Eee, dzanja limazolowera. Lero zapapepala."

Ameneyo ndi uja anamwaza fetereza wa makuponi pa mowa wa mwamuna wake. Ndamuyankha zokwanira. Koma pobwerera chidebe chikulemera kuposa masiku onse. Ine pamudzi pano amandidziwa kuti sinditaya ndi mchere wogwa pansi.

Palibe kanthu. Mawa kulibe a ku mjigo.

Loweruka

Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku boda. Bokosi pamiyendo ngati mwana. Mathiraki ndandanda, anyamata osintha ndalama akundithamangira ngati ndikuoneka wa madola.

ANatembo afika kale. Duku latsopano, magalasi pamphuno. Abwera ndi achemwali awo, ndipo akazi a landilodi wa Esinati nawo atulutsa mpando. Anthu oonerera sitinapangane. Tapatsana moni wautali, wogwada, wofunsana mpaka mvula. Zidzukulu zandikumbatira, kamng'ono kandinong'oneza kuti kakufuna kwa agogo a mbuzi. Ndine ameneyo.

Tayamba. Mbuzi kaye. Tsache. Zonse mwa dongosolo. Lazungulira, labwera ndi nkhuku zitatu. Ndatenga ziwiri, dzanja lili m'mwamba kulunjika ku bokosi.

ANatembo atsitsa magalasi. Mawu ofewa ngati akupempherera odwala: "Asewere, kwanu nkhuku mumataya? Manje ndamvetsa. Ndimadabwa mkute wa pano umathera kudzala."

Achemwali awo akuti: "Mwana amaonera amake."

Akazi a landilodi akuti hmm. Hmm yaitali, yopita nayo kumsika.

Esinati ali pakhomo la khitchini, wagwira mbale, maso pansi. Mwana amene ndinamulera kuti mafuta okazingira amabwezera m'botolo.

Dzanja langa latsika lokha. Ndikumva pakamwa panga pakunena kuti: "Ndimangoziwongola, asewere. Kwathu sititaya kanthu." Nkhuku zabwerera m'kamulu. Mkamwini ali panja, akuyang'ana khoma la bafa, wagwira m'mutu.

Kuyambira pamenepo tsache likabwera ndikungolibisa kuseri kwa nkhuku ngati mwana wapathengo. M'manja nkhuku, nkhuku, tsache, nkhuku. Ng'ombe zanga zikubwera imodzi imodzi, iliyonse yosowa inzake.

Ndiye aNatembo atambasula dzanja, agula tsache.

Lazungulira. Atenga nkhuku ziwiri, aponya m'bokosi osayang'anako. Ndikuti: "Asewere, nanga izo?" Akuti: "Izi n'za chitopa. Ukazisunga zimapatsira zinzake." Achemwali awo akugwedeza mutu mwachisoni. Akazi a landilodi akuti n'zoona, chitopa sachedwa nacho. Ayamikiridwanso ukhondo!

Chitopa. Sabata yonse ndakhala ndi makhadi amenewa, ine woweta nkhuku kuyambira ndili mtsikana, osaganiza za chitopa.

Nanenso tsache litabwera ndati zanga zayamba kuodzera. ANatembo akuti: "Iyayi, zanu mwanena nokha kuti n'zabwino, mwangoziwongola kumene." Anthu aseka. Ndasekanso, nanga n'kutani.

Chitopa chapha khola lawo lonse, ng'ombe zachuluka, minda yapita ku Zambia umodzi umodzi ine ndikuona. Ine ndatha ndi minda iwiri ndi nkhuku zonse zamoyo, palibe yosowa.

Ndakwera minibasi yobwerera kwathu. Kondakitala wafuna kundipanikiza ndi thumba la kabichi, walandira zonse zimene ndinasungira aNatembo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita. Ulaliki sindinaumve, ndimasewera makhadi m'mutu, ndipo m'mutumo ndimapambana.

ANambewe afunsa mmene zinathera. Ndati Khirisimasi ili ku Chipata. Akuti: "Kodi munabetcherana Khirisimasi? Ndiye inali njuga." Apita kukapempha chikhululukiro cha sabata yonse, pamodzi ndi masiku amene anapambana.

Esinati waimba. Akuti: "Amayi, mukanangotaya. Mkute ndimatayadi, ana sadya." Ndamuuza kuti asadzanenenso zimenezo pa foni, mafoni amadutsa malire. Kenako wati zikomo, motsitsa mawu. Sindinamufunse kuti za chiyani.

Nyumba ya udzu ija sindizira. Ikhale ndi ming'alu yake, palibe akubwera kudzagonamo.

ANatembo atumiza uthenga kuti ndine wolandiridwa kwawo, ndipo mkamwini andikonzera kapepala kodutsira pa boda. Ndimafuna kukana. Koma kamng'ono kaja kalanda foni n'kufunsa ngati agogo a mbuzi akubwera, ndiye ndavomera kasanamalize n'komwe.

Chabwino. Ndipita ngati mlendo. Mlendo saphika, satunga madzi, satsuka mbale. Ndikakhala pa mpando wabwino uja ndi zidzukulu pamiyendo, aNatembo akutuluka thukuta kukhitchini. Akabweretsa ndiwo ndikalawa pang'onopang'ono, pamaso pa achemwali awo, kenako ndikafunsa mwaulemu wonse ngati ku Zambia mchere unakwera mtengo.