Ndinamata Buku la a Desmond

Mpaka lero ndikamva fungo la guluu, ndimakumbukira buku la a Desmond. Nkhaniyi sindinawauzepo ngakhale azimayi anzanga a kutchalitchi ku Tottenham, chifukwa ndimawadziwa, angaiike m'pemphero la pagulu.

Zinachitika ndili mlendo kuno kutsidya kwa nyanja, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. A ejensi, kampani yomwe inandilemba ntchito, ananditumiza ku Romford kwa bambo ena, a Desmond, amene ankadwala khansa ya m'mapapo. Madokotala anali atanena kale kuti palibenso chochita. Moyo wawo wonse bambowa ankakonza mabuku akale owonongeka, ndipo m'nyumbamo munatsala buku limodzi lomwe sankalola munthu kulikhudza.

Linali laling'ono, la mapemphero a Chilatini, lolembedwa pamanja zaka mazana asanu zapitazo. Masamba ake sanali a pepala koma a chikopa cha mwana wa ng'ombe, chopalidwa mpaka kupyapyala. Zilembo zoyambira zinali za golide weniweni, m'mphepete muli timaluwa ndi timbalame. Chikuto chinali timatabwa tiwiri tokutidwa ndi chikopa, tomangidwa kumsana kwa bukulo ndi tizingwe.

Masana ena manja awo anakana kugwira ngakhale supuni. Anandiitana nati, "Kasambe m'manja, upukute bwinobwino, unditengere buku lija. Uzinditsegulira, ine ndizingoona."

Ndinanyada. Ndinafunanso kuwasangalatsa (pophunzira ntchitoyi anatiuza kuti tizicheza ndi odwala, koma sanatiuze kuti nthawi zina ndi bwino kutseka pakamwa). Ndinatsegula pa chithunzi cha munthu atagona, atafunda zoyera, makandulo akuyaka, anthu ovala zakuda atamuzungulira.

"Taonani bambo, mnzanu uyu," ndinatero. "Wagona ngati inuyo, ndipo abale abwera kudzamuzonda."

Anandiyang'ana. "Umenewo ndi mtembo. Apa ndi poyambira mapemphero a akufa."

Ndinathamangira ku masamba akutsogolo kuti ndipeze chosangalatsa. Ndinapeza amuna awiri akukumba manda, chigaza chili pambali.

A Desmond anatembenukira kukhoma. "Litseke," anatero motsitsa.

Ndinalitseka momwe ndimatsekera Baibulo langa ulaliki ukatalika. Ndinangomva kuti thu. Thabwa lakutsogolo linatsala m'dzanja lamanzere, buku lonse lili kumanja. Tizingwe tija tinapirira nkhondo ndi chinyezi cha dziko lino, koma ine sitinandipirire.

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinaona kuti bambowo atsinzina, mankhwala awagwira, ndiye ndinanyang'ama kupita kukhitchini. M'mutu munali viza yanga basi, ndi momwe ndikafotokozere kwathu ku Balaka kuti andibweza chifukwa cha buku. M'dirowa ndinapeza kachubu ka supaguluu. Kwathu ndinamatapo nsapato, ndowa, ngakhale wailesi. Ndinati buku lokha lingandikanike bwanji?

Ndinafinya pang'ono, sanatuluke. Ndinafinya ndi mphamvu, anatuluka yense. Anayenderera kumsana kwa buku mpaka kulowa pakati pa masamba oyambirira. Ndinati ndimupukute msanga ndi chala chachikulu, chalacho chinamatirira pachikuto. Nditakoka dzanja, buku linabwera nalo.

Nthawi yomweyo mwana wawo wamkazi, a Ruth, analowa ndi majumbo a zogula. Anandipeza nditaima pasinki, chuma cha bambo awo chikulendewera ku chala changa.

"Mwachita chiyani?" anafunsa.

"Ndimakonza," ndinayankha. (Mwa mawu onse omwe Mulungu anapatsa anthu, ine ndinasankha amenewo.)

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anagwiriziza bukulo pansi ndi manja awiri kuti lisagwe, ndipo tinayenda choncho mpaka kuchipinda, ine ndikutsatira ngati mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni. Anadzutsa bambo awo n'kuwaveka magalasi. A Desmond anayang'anitsitsa bukulo.

"Zingwe kuduka si kanthu," anatero, mpweya ukuwavuta. "Ndikanamuuza Ruth mosokera, ine ndili chigonere pano. Koma guluu uyu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa guluu wa anthu ofuna kuthandiza."

Anayesa kukweza dzanja kuti akhudze msana wa bukulo, koma dzanja linagwera pabulangeti. Misozi inatsikira m'makutu mwawo. Ndinali nditawasambitsa bambowa, kuwasintha zovala, kuwaona akusanza magazi, koma sindinawaonepo akulira.

A Ruth anati abweretse mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo kuti asungunule guluuyo. Bambo awo anapukusa mutu. "Angadye chikopacho. Chala chimamera khungu lina, buku silimera."

Motero a Ruth anatenga kampeni ka bambo awo kopalira zikopa, n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono, kumbali ya chala changa. A Desmond ankalangiza ali pabedi: pendeketsa mpeni, usathamange, samala magazi asadonthere patsamba. Palibe anandifunsa ngati zikupweteka, ndipo inenso ndinalibe mphamvu yoti ndidandaule. Khungu langa linatsala pachikuto.

A Ruth anandimanga bandeji nati ndikhoza kupita. Ndinaima pakhomo pa chipinda. A Desmond anali atatembenukiranso kukhoma. Ndinatuluka n'kukakwera basi. M'basi ndi momwe ndinakonza mawu opepesa, abwino kwambiri, ndipo ndinati ndidzawanena mawa ndikabwera pa shifiti.

Ndisanafike kunyumba a ejensi anandiimbira kuti ku Romford ndisapitenso. Sanandichotse ntchito, chifukwa a Ruth anangowauza kuti akufuna munthu wina. Mwezi usanathe, mnzanga amene analowa m'malo mwanga anandiuza kuti bambowo atisiya. Anatinso bukulo linapita kwa akatswiri, koma masamba oyambirira, a kalendala ya masiku a oyera mtima, anakanika kuwalekanitsa. Akuti m'masiku otsirizawo a Desmond sanaliitanitsenso.

Phunziro ndinalitola: chinthu cha eni chikathyokera m'manja mwako, ima pomwepo, uitane mwini wake. Limenelo ndimalitsata. Koma lija lopepesa munthu akadali ndi makutu, ndimalidziwa bwino, ndipo mpaka pano mawu ake amandibwerera ndili kale m'basi.