Kukweza Pikapu Mainchesi Anayi

Lolemba

Nkhani yabwera ndi mayi wogulitsa mapichesi: paini wa kuseri kwa damu la Mulunguzi ayamba kumudula Lolemba likubwerali. Ndi mitengo imene abambo anadzala ndi manja awo ali pantchito ya zankhalango, ine ndisanayambe sukulu. Abambo angoti, "Ndikanangoiona ili chiimire." Basi, akupitiriza kusenda chinangwa. Maondo awo masiku ano sawafikitsa ngakhale kumsika.

Ndalonjeza, akazi anga, mayi a Tadala, ali pomwepo: Loweruka ndikwera nawo kuphiri pa pikapu yanga.

Vuto ndi limodzi. Msewu wa tala uli bwino mpaka pamwamba, koma kamsewu ka m'nkhalango malole a matabwa anakakumba mizere iwiri yakuya, pakati patsala mtumbira. Pikapu yangayi imakhula mimba ngakhale pa mahampu a m'tauni. Yankho: kuikweza mainchesi anayi!

Zofunika:
masipulingi aatali, ndagula kale kwa ogulitsa zitsulo zakale
tsiku limodzi
a Jafali.

A Jafali ndi makaniki wa ku Sadzi, galaja yawo ndi mtengo wa mango. Amamvetsera injini ngati namwino pachifuwa cha mwana. Mawa m'mawa ndili kumeneko.

Lachiwiri

Masipulingi alowa. Pikapu yaima ngati tambala! Ndaijambula pafoni katatu. Ndikuti ndilize injini, a Jafali andigwira mkono. Agona pakatoni pansi pa galimoto, atulutsa kachingwe m'thumba. Tepi sagwiritsa ntchito, amayeza ndi chingwe n'kumanga mfundo.

"Achimwene, mashoko awa afupika. Mwanayu mwamutalikitsa miyendo, buluku mwamusiyira lomwe lija."

Mashoko ndi amene amaletsa galimoto kudumphadumpha. Akalewa atambasuka mpaka pothera, bampu yoyamba athyoka. Ine sindinaganizeko n'komwe. Iwo aona ndi kachingwe! Mutu umenewu ukanalowa m'kalasi, enafe makalaliki bwenzi tikusesa panja.

Mashoko aatali anayi. Ku Zomba kulibe, abwera mawa pa minibasi ya ku Limbe.

Kunyumba abambo atulutsa jombo zawo zakale, akuzipukuta pakhonde.

Lachitatu

Mashoko afika. Kondakitala wawakhalira njira yonse koma ali bwinobwino. Alowa. Ndikuti tsopano tamaliza. A Jafali aika jeke, akweza mpaka tayala kulendewera, andikodola ndi chala. Kapaipi ka mabuleki kakungika ngati nsambo ya gitala.

"Kakaduka aka mukutsika phiri ndi madala, mukaimira kumsika waukulu. Mukachita mwayi."

Ndakumbukira makona a msewu wa kuphiri uja. Ndayamba ndakhala pansi.

Zowonjezera:
mapaipi a mabuleki aatali
mabawuti opinda omangira masipulingi, akale sakufika
mabushi a labala, akale asanduka ufa.

Mayi a Tadala: "Pajatu munati tsiku limodzi." Ndawafotokozera kuti galimoto ili ngati banja, ukasuntha mmodzi onse amadandaula. Akuti zimenezo akuzidziwa bwino kuposa ine.

Lachinayi

Ndapempha tchuthi kuofesi, ndati kunyumba kuli matenda. Si bodza lenileni.

Kuyesa galimoto, msewu wa ku Mbedza. Aliyense akucheuka! Ndikuona m'kati mwa mipanda ya anthu, nkhuku zawo, zochapa zawo. Ndikungokweza dzanja ngati phungu. Kuika giya lachitatu, pikapu yayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Chiwongolero chapendekera kumanzere pamene tikupita molunjika.

A Jafali atsinzina. Mwamwayi woyendetsa ndine. Aika chikhatho pansi pafupi ndi giya, amvetsera pang'ono. "Shafuti. Yapendama kwambiri." Ndi chikhatho chokha! Ndatsala pang'ono kuwaombera m'manja, ndakumbukira kuti ndagwira chiwongolero.

Shafuti ndi chitsulo chachitali chotumiza mphamvu ku matayala akumbuyo. Kuti iwongoke pafunika tizitsulo tiwiri tosongoka toika pansi pa masipulingi. M'sitolo mulibe, asula okha. Ndodo ya chiwongolero nayo aitalikitse.

Ndafunsa ngati zitheke pofika Loweruka. "Akalola Mwini wake."

Abambo afunsa ngati galimoto yachira. Ndati ikupezako bwino. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenaka apempha mchere.

Lachisanu

Tizitsulo tatha, tosalala ngati tochokera kufakitale. Kunjenjemera kwatha! Chiwongolero chili pakati! Ndawagulira mandasi.

Masana apita kumzikiti, ine ndatsala ndikulondera masipanala. Pobwera agwira tayala lakutsogolo ndi manja awiri, aligwedeza. Gwede gwede. Akuti mfundo yachitsulo yogwira tayalalo inali yotopa kale, kukwezaku kwaimaliza. Yatsopano aitanitsa, ifika Lolemba.

Lolemba!

Ndapempha. Ndachonderera. Ndati tingomanga ndi waya, ulendo umodzi wokha, ndiyenda pang'onopang'ono ngati wapamaliro.

"Galimoto ndi yanu, madala ndi anu. Koma makiyi ali m'thumba mwangamu, ndipo satuluka."

Ndachoka nditakwiya zedi. Pofika pamsewu mkwiyo watha, chifukwa akunena zoona. Munthu wotere m'tauni muno alimo mmodzi yekha, ndipo ine ndakumana naye sabata yolakwika.

Abambo sindinawauze. Pulani yatsopano: mawa m'mamawa minibasi ya ku Limbe, kukasaka chitsulocho ndekha, kubwerera masana, kumanga, kukwera phiri dzuwa lisanalowe. Zitheka!

Loweruka

Limbe. Sitolo yoyamba, kulibe. Yachiwiri, bwerani Lolemba. Yachitatu yatseka, mwini wake ali kuukwati. Yachinayi, chilipo! Ndachifukata njira yonse ngati khanda.

Sadzi, cha m'ma 3 koloko. A Jafali achitembenuza kamodzi kokha. "Ichi ndi cha mng'ono wake wa galimoto iyi." Ayesabe, kuti mtima wanga ukhale pansi. Sichikulowa.

Ndikupita kunyumba ndikukonza mawu opepesera. Pakhonde palibe jombo. Palibenso abambo.

Mayi a Tadala akuti abambo anyamuka m'mawa, ine nditangochoka. Anatumiza uthenga kwa mnzawo wakale wa kunkhalango, amene mwana wake amayendetsa lole ya matabwa. Anatumiza liti? Lachinayi madzulo. Tsiku lomwe ndinawauza kuti ikupezako bwino! Lole inaima pageti, amuna awiri anawanyamula mwaulemu n'kuwakhazika kutsogolo. Abambo anga, pa lole ya anthu omwe akukadula mitengo yawo.

Abwera dzuwa likulowa, utomoni pamalaya, masamba a paini m'chipewa. Amwa tiyi makapu awiri, apita kukagona. Ine manyazi andigwira.

Lamulungu

Ine ndi mayi a Tadala tikuchokera kutchalitchi wapansi. Pikapu ili pansi pa mango paja, matayala atatu, yaitali, yooneka bwino kwabasi. A Jafali akuti pofika Lachitatu izikwera paliponse, ndipo ndikuwakhulupirira ndi mtima wonse. Idzakwera bwino kukaona zitsa.

Ndawapepesa abambo. Akuti palibe mlandu. "Galimoto yako ndinaiona dzulo ndili pa lole, tikudutsa ku Sadzi. Yatalikadi. Koma denga lake layamba dzimbiri, uwauze a Jafali."

Tili pakhonde, ayamba kufotokoza okha. Odula mitengo anawaunjirira, kuwafunsa mmene ankadzalira kuti mizere iwongoke chonchija. Anawauza za chingwe, za mapazi atatu pakati pa mbande ndi mbande, za chifunga chimene chinkabisa mnzako ali pafupi pomwepa. Mzere woyamba anaupeza osalozeredwa ndi munthu. Anauyenda wonse, ndi maondo omwewa.

"Mtengo wa pakona ndinaudzala uli ngati chala ichi. Dzulo ndaukumbatira." Atambasula manja mozungulira, zala sizikukumana, patsala mpata woti mutu wa munthu n'kulowa.

Ndimafuna ndikhale ine woima pambali pawo nthawi imeneyo. Ndinali mu minibasi, nditafukata chitsulo cha galimoto ya eni ake. Zikundiwawa.

Ndawapempha andionetsenso. Aika kapu pansi, atambasulanso manja.