Tsiku Limene Ndinakazinga Chambo Nditavala Suti

Pali zinthu zina zoti munthu ukabwereka umayenera kungoyenda nazo mwaulemu n'kukabweza. Ine sindinatero, ndipo manyazi ake sanathebe.

Ndinaphunzira zophikaphika kusukulu ya ntchito zamanja. Achimwene anga ndiwo anafika kuyunivesite, koma digiri yawo inkangogona m'sutikesi, ntchito osaoneka. Tsono loji ina ku Senga Bay itandiitana ku intavyu, mantha anandigwira. Ndinkati pakati pa anthu a madigiri, ine ndi kasatifiketi kanga ndikaoneka ngati ndabwera kudzagulitsa usipa. Ndinapempha suti ya achimwene. Anandibwereka osanyinyirika, kungondikumbutsa kuti Loweruka la sabata yomweyo aivala pachinkhoswe chawo.

M'mawa wa tsikulo ndikusita malaya, khala la m'simbi linagwera pamsana pa malayawo n'kuboola chibowo cholowa nkhonya. Ndinati palibe kanthu, jekete ibisa (nzeru zanga zimathera pomwepo).

Kulojiko a madigiri analipodi, koma ankafuna ntchito ya mu ofesi. Mayi woyang'anira khitchini anangoti mwazu pa satifiketi yanga, n'kunena kuti pepala aliona, tsopano akufuna aone manja. Anandipatsa chambo, mpeni ndi epuloni, n'kundiuza kuti ndivule jekete.

Ndivule bwanji msana uli pamtunda? Ndinawayankha kuti ndikumva kuzizira. Ku Salima, mwezi wa Okutobala! Mayiwo anandiyang'ana ngati wodwala malungo, koma anangondisiya.

Nditayamba kupala, mamba anadumphira m'mapewa ndi m'matumba momwe. Potumbula, manja a jekete anaviikidwa m'matumbo a nsomba. Pokazinga, mafuta anamalizitsa zotsalazo (za thukuta tisanene). Mwamwayi chambocho chinapsa bwino. Mayiwo atalawa anati ndiyambe Lolemba, koma ndisadzabwerenso nditavala ngati ndikupita kukhoti.

Mu minibasi anthu ankatsegula mawindo. Ine chimwemwe chinali chitathawa, mtima uli pa chinkhoswe cha achimwene. Munthu wopanda ntchito, suti ndi imodzi yomweyo, akaima bwanji pamaso pa akuchikazi?

Nditafika kunyumba, achimwene ndinawapeza atakhala pakhonde. Anatenga jeketeyo, kuitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza. Ndinawafotokozera zonse, za chibowo zomwe.

"Nanga akulemba?" anandifunsa.

"Eya, achimwene. Koma suti yanu ndaiononga."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandigwira paphewa.

"Mphwanga, suti iyi ndapita nayo kumaintavyu osawerengeka. Imabwerako yoyera koma chimanjamanja. Lero yabwera ndi ntchito. Isiye inunkhe."

Tinachapa, madontho a mafuta anakana. Loweruka anaivala yomweyo, ndipo aliyense wowayang'anitsitsa ankamuuza monyadira kuti mng'ono wawo wapeza ntchito. Ine ndinakabisala kumene amayi ankaphikira alendo, ndikupukuta misozi n'kumanamizira utsi.