Tsiku limene apongozi anavala nkhumba

Ndinatsala pang'ono kuthetsa banja langa ndi manja angawa, ndipo chifukwa chake chinali sopo.

Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatiwa kumene. Amuna anga anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye tsiku lililonse ankafuna shati yoyera kuti mbee. Sopo wa kusitolo sankachedwa kutha. Tsiku lina mkazi wa khukhi wa kwa bwana anandinong'oneza kuti adona sagula sopo, amaphika okha: mafuta a nyama, soda, basi. (Iyeyo anali asanaonepo ndi maso ake, anangomva kwa mwamuna wake. Izi ndinazidziwa mochedwa.)

Soda ndinalibe, koma ndinati kodi chidulo si mbale wake? Ndinatentha makoko a nthochi, n'kuthira madzi m'phulusa lake, n'kusefa. Pamsika wa Masambanjati mafuta a ng'ombe anali odula, pomwe a nkhumba ankachita kukukakamiza. Apa ndinaima kaye, chifukwa kwawo kwa amuna anga ndi a Sabata, nkhumba safuna n'kuiona komwe. Kenako ndinadzifunsa kuti, "Kodi sopo amadya?" Ndinagula.

Ndinatakasa mphika uja mpaka mkono kuuma. Chimene chinatuluka sichinali sopo kwenikweni, komanso sichinali phala. Ndinafinyiramo mandimu kuti fungo libisale, n'kuumba timibulu, n'kuyanika padenga. Thovu linalipo. Laulesi, koma linalipo.

Mlungu womwewo apongozi anga aakazi anabwera kudzationa kuchokera kwa Chimaliro. Lachisanu m'mawa ndinatenga deresi lawo loyera la kutchalitchi kuti ndiwachapire, aone okha kuti mwana wawo anapeza mkazi waluso. Ndinachapa, ndinayanika, ndinayamba kusita. Simbi itangokhudza nsalu ija, nyumba yonse inanunkhira ngati pa ukwati.

"Apongozi, mukukazinga chiyani kumeneko?" anandifunsa apongozi angawo ali pakhonde.

"Ndi kwa aneba, Amayi," ndinanama.

Loweruka m'mawa tinanyamuka ulendo wa kutchalitchi, kudutsa m'minda ya tiyi. Amuna anga anali atatsogola kale. Apongozi anali patsogolo, ine pambuyo nditawanyamulira Baibulo. Dzuwa litayamba kutentha, galu woyamba anatulukira kuchokera kumalaini a antchito. Pofika pamlatho anali anayi. Sankauwa ayi. Ankangotsatira mwaulemu, michira ikugwedezeka, mphuno zili pampendero wa deresi. Azimayi othyola tiyi anaimika ntchito, madengu ali kumsana, n'kumaonerera.

"Choka iwe! Kodi agalu a kuno amapemphera?" anatero apongozi akuwaopseza ndi ambulera.

Galu wina wakuda, wowonda nthiti kuwerengeka, analephera kuugwira mtima. Analuma mpendero uja n'kukoka. Deresi linangoti kwee, mpaka m'bondo.

Apongozi sanakuwe. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, n'kununkhiza mkono wa deresi kawiri.

"Apongozi, sopo uja munagula sitolo iti?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo. "Ndinaphika ndekha, Amayi."

"Ndi chiyani?"

"Phulusa la nthochi. Mandimu."

"Ndi chiyaninso?"

"Ndi mafuta a chiweto chija simuchitchula."

Apongozi anaweramitsa mutu. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kumanga katundu wanga, ndikuganiza zomwe ndikawauze amalume. Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira.

"Chibadwire changa nkhumba sinalowepo m'kamwa mwanga," anatero akupukuta misozi. "Lero ndaivala!"

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo azimayi a m'tiyi aja anathandizira. Ndinamasula nsalu yanga n'kuwafunditsa, tinabwerera kunyumba, agalu akutiperekeza mpaka pakhomo. Kutchalitchi sitinafike.

Amuna anga atabwera n'kumva nkhani yonse, anayang'anitsitsa shati yawo. "Ndiye n'chifukwa chake mphaka wa ku ofesi sakuchoka pamiyendo panga," anatero.

Lamlungu ndinalichapa deresi lija katatu kumtsinje ndi sopo wogula, n'kulisoka apongozi akuyang'anira msoko uliwonse. Timibulu totsala anandiuza kuti ndikakwirire kutali, dzenje lake lakuya.

Mungayese ndinasiya kuphika sopo. Ayi ndithu, ndimaphikabe, tsopano ndi mafuta a ng'ombe, ndipo ena amati ndi wabwino. Koma apongozi aja, zaka zonse zimene anakhala akubwera kwathu, ankafika ndi sopo wawo atamumanga pakona pa nsalu.