Nkhukutembo za a Jenkins Zilowa Chipani

Inu, tamverani za a Jenkins a ku Malindi kuja, amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani masiku aja pamene munthu ukafuna kuseka unkayamba wacheuka kaye. Bambo amenewa matama ndiye chinali chakudya chawo. Ankati nkhuku n'za aliyense, abakha ndi a anthu auve, tcheyamani ayenera kuweta chinthu choti odutsa aziima. Ndiye anagulitsa ukonde wabwinobwino, n'kupita kwa mzungu wa fodya ku Namwera, kubwerako ndi nkhukutembo zinayi.

Tsono nkhukutembo, ngati simunaweteko, ili ndi khalidwe lake. Ikamva phokoso lililonse lalikulu, kaya likhweru, kaya belu la kutchalitchi, kaya poto wagwa, imasolola khosi n'kuyankha kuti gulugulugulu! Ndipo yaimuna ikangoona chinthu chofiira imafufuma, kukhwekhwereza mapiko pansi, nkhondo basi. A Jenkins izi zinkawakomera zedi. M'mawa uliwonse ankaima pabwalo kuyeserera zokayankhula kumsonkhano, mbalame zija n'kumawayankha, iwo mtima mbee.

Kenaka unabwera uthenga woti Che Uladi, mkulu wa chipani wa ku boma, akubwera kudzaona ngati nthambi ya a Jenkins ili moyo. Panali mphekesera zoti anthu a kuno amakonda kuthamangira usipa kusiyana ndi misonkhano. Ndipo mukudziwa inu kuti tcheyamani akakhumudwitsa akuluakulu sankangotaya mpando, ena ankatengedwa osabwerako. A Jenkins anachita mantha, komabe matama anaposa mantha. Anati msonkhano uchitikire pakhomo pawo, patsinde pa mango.

"Bambo a Ruti, zitsekereni m'khola mbalame zanuzi," anatero akazi awo, mayi Enid.

"Ndizitsekere? Nanga alendo adziwa bwanji kuti ndili nazo?"

Mayi Enid anangoti, "Chabwino. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere."

Tsiku linafika. Che Uladi anatsika m'galimoto ndi ayufi awo, achinyamata a chipani a malaya ofiira, anthu atakhala pansi phee. A Jenkins anaimirira, kukoka mpweya, n'kufuula, "Kwachaaa!"

Anthu asanatsegule ndi pakamwa pomwe, kuseri kwa nkhokwe kunamveka, "Gulugulugulu!"

Abale inu, kuseka kumapweteka ukakuletsa. Amayi analuma nsonga za zitenje, madala n'kumayang'ana zala zakumapazi. A Jenkins thukuta kamukamu. Che Uladi anayamba kuyankhula ngati sanamve kanthu, koma akangokweza mawu, gulugulugulu! Akati anthu onse ndi okondwa, gulugulugulu! Atatsokomola, nazonso zinavomera.

"Amidu, kathamangitse zinthu zimenezo!" anatero Che Uladi, kuuza mkulu wa ayufi.

Amidu uyu anali chimunthu choopedwa, chotseka misika. Anapita ndi ndodo yake monyang'wa. Yaimuna ija itangoona malaya ofiira, eee! Inafufuma ngati thumba la thonje, n'kumulumphira pachifuwa. Amidu anataya ndodo, kuzungulira nkhokwe, mbalame ili pambuyo, mpaka anakakwera pathandala loyanikapo usipa, thandalalo n'kuthyoka naye. Nkhalamba ina inalephera kupirira, inadzuka n'kumapita kunyanja ikugwedezeka mapewa.

Che Uladi sanaseke. Anayang'ana a Jenkins nthawi yaitali.

"A tcheyamani, ndani anaphunzitsa mbalame iyi kudana ndi yunifolomu ya chipani?"

Pamenepo a Jenkins anaona kuti zathina. Koma pakamwa panawathandiza.

"Bwana, si chidani chimenecho, n'chisangalalo! Imafuna kumukumbatira. Mbalame zimenezi n'zokhulupirika kuposa anthu ena muno. Simunamve mmene zimavomerera mawu anu onse? Ndinaziphunzitsa ndine, m'mawa uliwonse."

"Ndiye kuti zikalira choncho zikuvomera?"

"Kwambiri, bwana. Sizidziwa kukana."

Che Uladi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pafupi ndi nkhokwe, manja kumbuyo, n'kufuula ndi mawu onse, "Inu anayi! Mukuvomera kupita ku boma ngati mphatso ya nthambi ino?"

"Gulugulugulu!"

"Mwamva nokha, a tcheyamani. Zadzipereka popanda wozikakamiza. Kapena inu muli ndi maganizo ena?"

"Ayi bwana, ndathokoza kwambiri," anatero a Jenkins, mawu akutuluka ngati a mwana wodwala.

Anazimanga miyendo okha ndi luzi, chifukwa ayufi onse anakana kuziyandikira. Anazinyamula okha kukaika m'galimoto, ndipo Che Uladi anawakumbutsa kuti awonjezere kathumba ka madeya, mamembala asavutike ndi njala panjira. Mpando anatsala nawo, ndende anaipewa, koma mumtima munkawawa ngati aferedwa, ukonde wapita, mbalame zapita.

Anthu anandanda m'mbali mwa msewu kutsanzikana ndi alendo. Dalaivala analiza hutala, nkhukutembo zija n'kusolola makosi kumbuyo kwa galimoto, gulugulugulu! Ndiye poti tinazolowera kuti chilichonse chofuula kuchokera m'galimoto ya chipani chimayankhidwa, mudzi wonse unakweza manja n'kuyankha pamodzi, "Kwachaaa!"

Ndipo amene anafuula kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe, anali a Jenkins.