Tsiku limene ndinalonjera apongozi chadodolido

Mpaka lero apongozi anga aamuna akamabwera kwathu ku Mitundu amayamba aima kumsewu n'kuimba foni. Amene ndinachititsa zimenezi ndine, ndipo bola ndinene ndekha ena asanawonjezere mchere.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ana a kusukulu imene ndimaphunzitsa amadziwa, amuna anga amadziwa, ndipo chaka chatha apongozi aakazi ku Nathenje anadziwanso nditawayankha pagulu pa nkhani ya kaleredwe ka ana anga. Tinatha miyezi itatu osalankhulana. Ankhoswe anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikadzabwerezanso, banja ligwedezeka. Ndinachita mantha, chifukwa banja langa ndimalifuna.

Mnzanga wina namwino ndiye anandionetsa yoga. Anandiikira kavidiyo mufoni: mayi wina wa mawu ozizira amakuuza kuti upume pang'onopang'ono, udziwongole, upinde thupi uku ndi uko. Ukamaliza umalemba m'kope cholinga chako cha tsikulo, chiganizo chimodzi basi. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkayala mphasa kuseri kwa nyumba nditavala kabudula wa mpira wa amuna anga (chitenje ndinayesa, chimamasuka).

Loweruka lina, amuna anga atalawirira kumsika ndi ana, ndinamva odi kukhomo. Ndinangoti ndi bambo wa nyumba yoyandikana nafe amene amabwera kudzatchajitsa foni pa sola yathu. Mayi wa mufoni anali atangonena kumene kuti phokoso lililonse uzilisiya lidutse. Ndinalisiyadi. Odi wachiwiri anadutsa. Wachitatu nayenso anadutsa, ine n'kumadzitama mumtima kuti ndayamba kukula.

Apo n'kuti ndili pa kaimidwe kena kamene manja ndi mapazi zimakhala pamphasa, mutu m'munsi, kumbuyo kutaloza kumwamba. Nditatsegula maso, pakati pa miyendo yanga ndinaona nsapato zopukutidwa bwino, kenako thalauza, kenako tambala ali m'khwapa, kenako chipewa. Anali apongozi aamuna.

Munthu wanzeru akanadzigwetsa pansi n'kugwada. Ine mtsempha wa mwendo unasankha nthawi yomweyo kukokana, moti sindikanatha kusuntha. Koma pakamwa paja, posazolowera kudikira, panayamba pokha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Iwo anatembenuka, navula chipewa, n'kuuza mtengo wa mango kuti adzuka bwino, kaya ine. Anauzanso mtengowo kuti amayi, apongozi aakazi aja, awatuma ndi tambalayu kuti zakale zithe. Anamuika pansi n'kubwerera osamwa ndi madzi omwe. Mayi wa mufoni anali akundilimbikitsabe kuti ndipume mozama. Mwendo utamasuka ndinakhala pamphasa n'kulira ndi manyazi.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi tinapita ku Nathenje kukapepesa. Amuna anga anafotokoza kuti ndi masewera olimbitsa thupi, koma amayi sanakhutire. Masewera anji oletsa munthu kuyankha odi katatu? Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndinatulutsa kope langa kuti likhale umboni woti ndikuyesetsa kusintha. Maganizo anga anali oti ndiwawerengere tsamba limodzi losankha ndekha, koma iwo anatambasula dzanja, ndipo dzanja la apongozi silibwerera chabe. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo.

Anawerenga mokweza, osathamanga. "Lero ndipirira apongozi." Ananyambita chala n'kutembenuza. "Lero sindikumbukira mawu a apongozi." Anatembenuzanso. "Lero wina akatchula apongozi ndiyamba ndapuma kasanu." Amuna anga anali akuwerenga malata kudenga. Apongozi aamuna anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Amayi anatseka kope n'kundifunsa ngati masamba onsewo akunena iwo okha. Ndinavomera (kupatula awiri okha onena ahedi athu). Ndinaweramitsa mutu kudikira mkuntho, ndikuganiza kale za ulendo wina wa kwa ankhoswe. Koma iwo anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mayi a Chisomo, inu bola muli ndi kope. Ine ndikamva kuti mukubwera ndimalawirira kudimba, ndimalima mizere iwiri ndikupempha Mulungu kuti andigwire lilime. Chilowereni inu m'banja muno ndimatero. Kungoti ine polima ndimavala chitenje."

Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandituma kuti ndikateleke madzi a tiyi, chinthu chimene anali asanachite chiyambire mkangano uja.

Pobwerera sindinalankhule njira yonse, moti amuna anga anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkadziona ngati wopirira m'banja lonse ndine, osadziwa kuti dimba la ku Nathenje likubiriwira chifukwa cha ine. Zinandiwawa kuposa za kuseri kwa nyumba zija.

Yoga ndimachitabe, koma m'chipinda, chitseko chokhoma. Lolemba lake ndinalemba m'kope kuti, "Lero munthu asalime chifukwa cha ine." Ndinakwanitsa mpaka Lachinayi.