Nkhope Yanga pa Khonde la Bwana

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti amayi a kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti, amainenabe pa ukwati uliwonse, ndi bwino muimve kwa mwini manyazi.

Ndinali nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi pamene ananditumiza kukasukulu ka pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Amuna anga anali kalaliki wa kufakitale. Amayi othyola tiyi ankanditcha Mayi Koleji. Ine ndinkayesa ulemu, koma ulemu unali theka chabe, theka linalo ankanena kuti ndimayenda ngati pansi pali minga.

Pa esitetipo panali a Kopolo Mulepa, kalipentala wokhoma mabokosi a tiyi, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma. Ankasemanso zifanizo, koma asanagwire sompho ankayamba aumba chinthucho ndi dongo. Anthu ankawaseka kuti mwamuna wanji wopikisana ndi amayi a miphika. Iwo ankangoti, "Dongo ukalakwitsa umakonza ndi chala. Mtengo ukalakwitsa ndi nkhuni basi."

Tsiku lina nditaweruka anandiimitsa panjira, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndili ndi pempho. Bwana wandituma chifanizo choti aike pakhonde pake. Zina zonse zikutheka, koma nkhope yandikanika. Ndayang'ana esiteti yonse, yoyenera ndi yanu yokha."

"Yanga?"

"Yanu, mayi. Ina palibe."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti chifanizo cha yani. Ine sindinafunse. M'mutu mwanga munali kale zithunzi za anthu otchuka zimene zinkapachikidwa m'holo ya ku koleji, ndipo ndinaona kuti n'zomveka ndithu kuti mkazi woyamba wa setifiketi pa esiteti yonse asemedwe m'mbawa.

Lolemba masana ndinapita kushedi yawo nditavala diresi la kutchalitchi ndi duku latsopano, mfundo nditamangira pamwamba. Anandikhazika pampando, iwo nakhala kuseri kwa bokosi la tiyi, dongo lili m'manja. Ndinamwetulira mmene tinkachitira pojambulitsa.

A Kopolo anapukusa mutu. "Musaseke, mayi. Mukuononga ntchito."

"Nanga nditani?"

"Ganizani kuti mwana wa Sitandade Thu wathira inki pa rejisitala, ndiye akukana."

Ndinaganiza.

"Eya, pomwepo. Musasunthe. Tsopano ganizani kuti inki ili m'manja mwake, koma akukanabe."

Zinandidabwitsa pang'ono, koma ndinakumbukira kuti mwa anthu a pa zithunzi za ku koleji aja panalibe ndi mmodzi yemwe woonetsa mano. Ulemerero suseka, ndinadziuza choncho.

Ntchito yosatha sankaonetsa munthu. Akamaliza tsikulo ankafunditsa chiguduli chonyowa kuti dongo lisang'ambike. Kamodzi kokha ndinasuzumira n'kuona mutu cha kumbuyo, uli ndi kamfundo pamwamba. Ndinati ee, ngakhale duku langa aliika.

Ndikanangokhala chete, zikanathera pomwepo. Koma Lachinayi, pa kalasi ya zosoka, ndinapezeka ndanena, ngati nkhani wamba, kuti sindikhalitsa chifukwa akundiumba.

Mayi a Esinati, amene ankathyola tiyi wambiri kuposa onse ndipo pakamwa pawo panalinso chimodzimodzi, anaika singano pansi.

"Akukuumbani? Mulungu sanamalize?"

"Bwana akufuna chifanizo changa pakhonde pake."

"Chanu? Dona wake akudziwa?"

Amayi anaseka, koma ndinaona kuti nkhaniyo yawalasa. Ndiye ndinawonjeza kuti Loweruka dongo likatha onse abwere adzaone okha.

Kunyumba ndinawauza amuna anga. Anatsamwa ndi tiyi, natuluka panja, ati kukaona nkhuku. Tinalibe nkhuku. Iwo ndiwo analemba kalata yoitanitsa thabwa la mbawa, choncho ankadziwa zonse. Mlandu umenewo sitinaumalize mpaka lero.

Loweruka ndinafika ndi amayi khumi ndi awiri, ena ana ali kumsana. A Kopolo ataona chigulucho anakanda m'mutu.

"Aphunzitsi, anthu onsewa?"

"Vundukulani, bambo. Ndi anzanga."

Anavundukula.

Pa bokosi panaima munthu wa dongo wotalika ngati mkono, miyendo atatangadza. Malaya ake anali a tizitsulo tosanjikizana ngati mamba a nsomba. M'chiuno munali malupanga awiri, kumutu chisoti cha nyanga, ndipo kamfundo kanga kaja kanali tsitsi lake, likusuzumira kumbuyo. Pansi pa chisoticho, pakati pa ndevu zogwa mbali ziwiri, panali ine. Nsidze zanga, mphuno yanga, ngakhale kamzere kamene kamabwera pachipumi ndikamva mwana akunama.

Kenaka mayi a Esinati anayandikira, nawerama, nayang'ana dongo, nayang'ana ine.

"Aphunzitsi, ndevuzi n'zanu kapena awonjezera?"

Amayi anagwa pansi ndi phwete. Wina anachita kumasula mwana kumsana kuti aseke bwino.

"A Kopolo, ichi n'chiyani?" ndinafunsa ndi mawu a m'kalasi.

Anatulutsa chitini chakale cha tiyi chimene bwana anawapatsa. Panali chithunzi cha msilikali wa makedzana wa ku Japan, zovala zomwezo, malupanga omwewo, koma pankhope dzimbiri linali litadya.

"Bwana akuti akufuna woopsa. Ajapani enieni ndinawaona ku Burma, mayi, koma amene ndinawaona pafupi anali anyamata owonda ndi njala ngati ife tomwe. Nkhope zawo zinali zomvetsa chisoni. Chibwerereni kunkhondo, mantha anandigwira kamodzi kokha, tsiku limene ndinadutsa pawindo la kalasi yanu."

Ananena mwaulemu wonse, ngati akundipatsa mendulo.

Ataona kuti ndauma, anatsitsa mawu. "Likadali dongo, aphunzitsi. N'chifukwa chake timayambira pano. Mukakana, chala chimodzi nkhope yatha, ndikafuna ina."

Chala chawo chinali kale pamphuno ya msilikaliyo, amayi onse akudikira.

Kunena chilungamo, bambowa anali ndi mbali yawo yolakwa, chifukwa munthu sabwereka nkhope ya mnzake osanena kumene ikupita. Koma bodza sananene ndi limodzi lomwe. Holo, ulemerero ndi mbawa ya Mayi Koleji ndinaumba ndekha, popanda ndi dongo lomwe. Ndinadziwanso kuti ndikalamula kuti afafanize, kumalayini ndidzakhala wa minga uja mpaka kufa.

Ndinachiyang'anitsitsa chinthucho kufuna poti nditsutse, ndipo poyang'anitsitsapo nsidze zinakumana.

"Taonani, amapasa!" anakuwa mayi a Esinati.

Pamenepo nanenso chinandiphulika. Ndinaseka mpaka duku linagwa.

"Chisiyeni, bambo," ndinatero ndikupukuta misozi. "Koma mphunoyo mwakulitsa. Chepetsaniko pang'ono."

"Asakhudze," anatero mayi a Esinati. "Pamphuno pokhapo ndi pamene akukomerani mtima."

Anandigwira dzanja mpaka kunyumba, ndipo Lachinayi lotsatira anandibweretsera nthochi, ati za msilikali. Dzina la Mayi Koleji linafa tsiku lomwelo. Limene linalowa m'malo mwake simuvutika kulilota.

A Kopolo anasema mbawa ija mwezi wathunthu, akuyeza dongo ndi kachingwe n'kusamutsira pamtengo, ndipo chifanizo chinakaima pakhonde la bwana, chitayang'ana kumsewu. Kuseri kwa mpanda wa nyumbayo n'kumene ana othawa sukulu ankakonda kubisala, akudya magwafa. Sabata yoyamba yomwe rejisitala yanga inadzaza. Nditafunsa mtsikana wina chimene chamubweza, anayankha akuyang'ana pansi.

"Munationa, aphunzitsi. Munali ndi mipeni."

Munthu akakupemphani nkhope, yambani mwafunsa thupi limene akukaiikapo.